Wapeza bwanji? Funso limene likusowa m'kalasi ya masamu ku Unit K

Mukafuna kuona mwana wa ku Unit K akuwerengera ndi mutu wake wonse, kaimeni pa okala ya pakona m'mawa wa Loweruka. Nthawi imeneyo amayi ambiri amakhala ali pamzere wa madzi kumjigo, ndiye otumidwa kukagula zam'mawa ndi ana. Tiyerekeze mtsikana wa giredi 4 amene wafumbata madola awiri a dziko la America. Wagula buledi wa dola imodzi ndi tomato wa masenti 50. Wogulitsa alibe masenti, monga zimakhalira masiku ambiri m'Zimbabwe, ndipo akumuuza kuti chenji alandire mu ZiG, ndalama ya dzikolo, kapena atengerepo maswiti. Mtsikanayo sayankha msanga. Afunsa kaye kuti dola ikusinthidwa pa zingati lero, agawa pakati, awerenga zimene wapatsidwa, kenaka awerenganso kachiwiri. Akaona kuti zaperewera, sachoka pawindopo. Akudziwa kuti kunyumba akafunsidwa mmene ndalama yayendera, ndipo kunena kuti "ndi zimene andipatsa" sikukamupulumutsa.

Lolemba mwana yemweyo ali m'kalasi. Pabolodi palembedwa 52 kuchotsera 38. Iye alemba 26, atseka kope, akweza dzanja kuti wamaliza. Njira imene wayendamo aliyense amene anachongapo makope a ana akuidziwa: pa 5 wachotsa 3, patsala 2, pofika pa 2 ndi 8 waona kuti 8 sangachoke pa 2, ndiye wazitembenuza, pa 8 wachotsa 2, patsala 6. Yankho lolondola ndi 14. Kulakwako sikundidandaulitsa kwenikweni, poti palibe anaphunzira masamu osalakwa. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti mwana amene Loweruka anawerenga chenji kawiri, Lolemba sanayang'anenso yankho lake ngakhale kamodzi. Palibe anamuletsa. Anangozolowera, m'zaka zake zochepa zapasukulu, kuti ntchito ya mwana imathera pamene walemba nambala pansi pa mzere. Zoti nambalayo ndi yoona kapena ayi, imeneyo ndi nkhani ya cholembera chofiira cha aphunzitsi.

Unit K ndi chimodzi mwa zigawo za Seke zimene zimadziwika ndi malembo, m'tauni ya Chitungwiza, makilomita pafupifupi 30 kummwera kwa Harare. Tauniyi inakhazikitsidwa mu 1978 pophatikiza Seke, Zengeza ndi St Mary's, malo amene boma la azungu linkagonekako anthu akuda ogwira ntchito mumzinda umene nthawiyo unkatchedwa Salisbury. Kalembera wa 2022 anapeza kuti muli anthu opitirira 370,000. Mwa iwo muli ana ndi zidzukulu za machona, anthu athu amene anachoka ku Nyasaland, kummawa kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete kudzafuna ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi ndi m'nyumba za azungu, ena wapansi, ena pamagalimoto a Ulere kapena kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi. Zidzukulu zawozo lero zimayankhula Chishona pabwalo, Chingerezi pamayeso, ndipo Chichewa zimachimva kwa agogo kapena ku CCAP Lamulungu. M'mawa makombi odzaza amanyamula makolo awo pa siteji ya Makoni kupita nawo ku Harare, anawo n'kutsala akuyang'anira nyumba, madzi ndi timalonda ta pakhomo.

Ndikukayika ngati pali ana ena m'chigawo chino cha Africa amene moyo wawaphunzitsa masamu molimba ngati ana a m'Zimbabwe. Makolo awo anagwirapo pepala limodzi la madola thililiyoni 100, limene linatuluka mu Januwale 2009 ndalama itatheratu mphamvu. Chaka chomwecho dziko linayamba kugwiritsa ntchito dola ya America ndi randi. Kumapeto kwa 2014 kunabwera makobidi a bond, mu 2016 mapepala a bond, mu 2019 dola ya RTGS. Mu Epulo 2024 kunabwera ZiG, imene inayamba pa 13.56 pa dola imodzi, koma pofika kumapeto kwa Sepitembala chaka chomwecho Reserve Bank of Zimbabwe inaigwetsa mpaka kupitirira 24. Pamsewu mtengo unali winanso. Mwana wokulira m'nyumba yotere amadziwa kuti nambala imene wauzidwa iyenera kufufuzidwa. Luso limene mabuku a zamaphunziro amalitamanda, lodzifunsa ngati yankho likumveka, iye amabwera nalo kale kusukulu. Funso langa ndi lakuti limathera pati akangolowa pachipata.

Kokonati wa ku Recife

Vutoli linafufuzidwapo kutali ndi kuno. Mu 1985 akatswiri atatu, Terezinha Nunes Carraher, David Carraher ndi Analúcia Schliemann, anasindikiza zimene anapeza mumzinda wa Recife ku Brazil. Iwo ankapita kwa ana ogulitsa malonda m'misewu ngati ogula wamba, n'kumawafunsa mitengo ya zinthu zingapo ndi chenji. Patapita masiku, ankawapatsa ana omwewo masamu omwewo, koma olembedwa papepala monga amachitira kusukulu. Pamalonda anawo anakhoza pafupifupi 98 pa mafunso 100 aliwonse. Papepala, pamene panali manambala okhaokha opanda nkhani, anakhoza pafupifupi 37.

Mwana wina wa zaka 12 ankagulitsa kokonati pa 35 mmodzi. Atafunsidwa mtengo wa anayi, anayambira pa zimene ankadziwa kale, kuti atatu ndi 105, n'kuwonjezera wachinayiyo pang'onopang'ono mpaka kufika pa 140. Atapatsidwa 35 kuchulukitsa ndi 4 papepala, anasokoneza nambala yosunga ija n'kulemba 200, osaona chachilendo chilichonse. Ana a m'kafukufukuyu anali asanu okha, choncho sitingamange nyumba yonse pa iwo. Komabe mphunzitsi aliyense wa ku Seke, wa ku Ndirande kapena wa ku Chawama akamva nkhaniyi amagwedeza mutu, chifukwa mwana wa kokonatiyo ali naye m'kalasi mwake. Pamsika nambala iliyonse imakhala ndi thupi, ndi ndalama kapena ndi ndowa, ndiye ikalakwika mwana amamva. Papepala nambala imasanduka chizindikiro chongosunthidwa motsatira lamulo limene analoweza.

Kuganiza kobwerera pa zimene wachita kumeneku kuli ndi mbiri yaitali m'mabuku. John Dewey wa ku America anakufotokoza mu 1910 m'buku lake lotchedwa How We Think, ndipo mfundo yake inali yakuti munthu amayamba kuganiza mozama akakumana ndi chomukayikitsa, n'kulolera kukhala nacho kaye m'malo mothamangira yankho. George Pólya, katswiri wa masamu wobadwira ku Hungary, mu 1945 anatulutsa How to Solve It, mmene anati samu imayendedwa m'masitepe anayi: kumvetsa funso, kukonza njira, kuitsata, ndi kuyang'ana m'mbuyo. Masitepe atatu oyambawo makalasi athu amayesetsa. Lachinayi ndilo limafa nthawi zonse, chifukwa belu limalira kapena aphunzitsi afufuta kale bolodi. Ife a kumudzi tili ndi mawu ake abwino. Ng'ombe ikadya msipu tsiku lonse, madzulo imagona pansi n'kuyamba kubzikula, ndipo chakudya chimalowa m'thupi nthawi imeneyo. Ana athu timawadyetsa masamu makumi awiri pa tsiku, koma nthawi yobzikula sitiwapatsa.

Zotsatira zake zinaonekera bwino pa mayeso ena a dziko lonse la America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Ana a zaka 13 anafunsidwa kuti ngati basi imodzi imanyamula asilikali 36, pafunika mabasi angati kunyamula asilikali 1,128. Ambiri anagawa bwinobwino. Koma 29 mwa ana 100 aliwonse anayankha kuti mabasi 31 kutsala 12, ena 18 anati 31, ndipo 23 okha ndiwo anati 32. Tabweretsani funso lomweli ku Unit K. Ana 50 akupita kokacheza, kombi imodzi imatenga anthu 18, pafunika makombi angati? Mwana amene angalembe m'kope kuti 2 kutsala 14 ndi yemweyo amene, mutamuimika pa Makoni, angakuuzeni mosazengereza kuti anthu 14 sangasiyidwe pansi, itanani kombi yachitatu. Kugawa amakudziwa. Chimene sanaphunzitsidwe ndi kubwerera ku funso n'kuona ngati yankho lake lingakwere kombi.

Chifukwa chake makalasi ali chonchi

Sindikulemba izi kuti ndiloze chala aphunzitsi. Ine ndemwe ndinaphunzira masamu kumudzi, pasukulu ina imene tsiku linkayamba ndi mento. Aphunzitsi ankaima kutsogolo ndi kamtengo, kutchula samu, kuloza mwana. Ukachedwa kupuma kamodzi kokha, funso lapita kwa mnzako ndipo iwe watambasula dzanja. Ndinatulukamo ndikudziwa matebulo ochulukitsa ngati dzina langa, ndipo pa chimenecho ndimayamika mpaka lero. Koma ndinatulukamonso ndi chikhulupiriro chakuti wanzeru ndi wofulumira, ndi kuti kukayika n'chizindikiro cha umbuli. Zinanditengera zaka zambiri kuti ndichichotse m'mutu. Aphunzitsi ambiri amene ali m'makalasi lero anadutsa m'njira yomweyo, ndipo munthu amaphunzitsa mmene anaphunzitsidwira.

Kuwonjezera apo pali kuchuluka kwa ana. Sukulu za boma ndi za khonsolo ku Chitungwiza zinamangidwira anthu ochepa kuposa amene alipo lero, ndiye zambiri zimachita chimene kuno amachitcha hot-seating: gulu lina limalowa m'mawa, lina masana, m'chipinda chimodzimodzi. Kalasi ya ana makumi asanu si chinthu chodabwitsa. Mphunzitsi wa ana otere, amene malipiro ake akhala nkhani ya madandaulo chaka ndi chaka, akamva wina akunena zoti mwana aliyense afotokoze maganizo ake, ali ndi ufulu wofunsa kuti nthawi yake ichokera kuti.

Ndiye pali giredi 7. Mayeso a ZIMSEC, bungwe loyendetsa mayeso m'dzikoli, amapereka mayunitsi kuyambira 1, amene ndi opambana, mpaka 9, ndipo mayunitsi amenewa ndi amene amatsegula kapena kutseka chitseko cha sekondale yabwino. Mu 2020, chaka cha Covid-19 pamene sukulu zinatsekedwa miyezi yambiri, ana okhoza m'dziko lonse anali 37.11 pa 100 aliwonse. Mu 2023 anakwera kufika pa 45.57, kutanthauza kuti oposa theka sanakhoze ndithu. Mphunzitsi wamkulu amayezedwa ndi manambala amenewa, iye n'kuyezanso aphunzitsi ake ndi muyezo womwewo. Makolo nawo amalipira makalasi owonjezera, ngakhale boma limaletsa, ndipo zimene amayembekezera kuona m'kope ndi mizere ya zochonga. M'nyengo yotere mapepala a mayeso akale ndiwo amasanduka silabasi.

Boma la Zimbabwe silinagone pa nkhaniyi, tinene zoona. Komiti ya Nziramasanga, imene inapereka lipoti lake mu 1999, inadandaula kale kuti maphunziro a dzikoli atsamira kwambiri pa mayeso ndi kuloweza. Ndondomeko yatsopano ya maphunziro imene inakonzedwa m'nthawi ya nduna Lazarus Dokora n'kuyamba kugwira ntchito mu 2017 inaika kuganiza mozama ndi kuthetsa mavuto pakati pa maluso amene mwana ayenera kutuluka nawo. Mu 2021 kunabwera CALA, ntchito zimene mwana ankachita m'kati mwa chaka n'kumupatsa 30 mwa malikisi 100 a mayeso ake. Cholinga chinali chabwino, koma m'nyumba zambiri CALA inasanduka katundu wa makolo: kugula mapepala, kulipira intaneti, kusindikiza zithunzi, ndipo pena kulipira munthu wina kuti alembe ntchito yonse. Mu 2024, nduna ili Torerai Moyo, boma linaichotsa n'kubweretsa Heritage-Based Curriculum, imene ili ndi mapulojekiti ochitikira kusukulu komweko.

Phunziro limene ine ndimatolapo pa CALA ndi lakuti kuganiza sikungatumizidwe kunyumba ngati phukusi. Kukapanda kuchitika m'kalasi, pamaso pa mphunzitsi, pa samu wamba ya Lachiwiri m'mawa, pulojekiti yokongola ya pakhoma sidzakubweretsa.

Mphindi zisanu pambuyo pa yankho

Tibwerere kwa mtsikana wathu ndi 26 wake. Mphunzitsi ali ndi njira ziwiri. Angathethe, kulemba 14 pambali, n'kupita pa kope lotsatira. Mawa mwanayo adzalakwanso chimodzimodzi, poti lamulo lake la m'mutu, lakuti chaching'ono chimachoka pa chachikulu, palibe waligwedeza. Kapena angalembe pabolodi mayankho onse amene atuluka m'kalasi, 26, 14, mwinanso 24, osatchula mwini wake ndiponso osaonetsa pankhope kuti loona ndi liti. Kenaka afunse kuti: popanda ine kukuuzani, tingadziwe bwanji? Padzakhala chete. Chete ameneyo aphunzitsi ambiri amamuopa, koma ndi mmene ntchito ikuchitikira. Posakhalitsa wina adzanena kuti tiphatikize 26 ndi 38 tione ngati tibwerera pa 52. Apeza 64. Wina adzawerenga ngati kondakitala wobweza chenji, kuyambira pa 38: ziwiri kufika pa 40, khumi kufika pa 50, ziwiri kufika pa 52, zonse pamodzi 14. Mtsikana uja adzaona yekha pamene panapotoka, ndipo chofunika koposa, adzatuluka ndi chida choyezera yankho lililonse la kuchotsera limene adzalembe m'moyo wake.

Pa zimenezi sipafunika kompyuta kapena buku latsopano. Pafunika kuti m'malo mwa masamu khumi a pabolodi, tsiku limenelo achitidwe asanu ndi imodzi.

Za chete uja pali umboni wake. Mary Budd Rowe, amene anajambula mawu m'makalasi ambiri a ku America n'kufalitsa zimene anapeza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, anaona kuti mphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha asanaloze wina kapena kudziyankha yekha. Aphunzitsi ataphunzitsidwa kudikira masekondi atatu kapena kupitirira, mayankho a ana anatalika, ndipo ana amene ankangokhala duu anayamba kuyankhula. Makolo athu ankati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana wamanyazi wa kumbuyo kwa kalasi ali ngati nkhono imeneyo: mukamugogoda amabwerera m'chigoba.

Funso lakuti "wapeza bwanji?" lili ndi msampha umodzi umene ndiyenera kuutchula. M'makalasi ambiri mphunzitsi amalifunsa pokhapokha mwana akalakwa, moti ana anaphunzira kuti akangolimva, afufute msanga. Liyenera kufunsidwa kwa wokhoza ndi wolakwa yemwe, ndi nkhope imodzimodzi, mpaka ana azolowere kuti si mlandu. Pali ana ambiri okhoza amene sadziwa chifukwa chimene akhozera, ndipo amenewa ndi amene amadzagwa pa fomu 2 masamu akasiya manambala n'kuyamba malembo. Chimodzimodzinso ndi labala. Ndikanakhala ndi mphamvu, ndikanapempha ana kuti njira yolakwika asamaifufute koma kungoidula ndi mzere umodzi, kuti mwana ndi mphunzitsi athe kuona mapazi a maganizo mmene anayendera.

Palinso chizolowezi china chotsika mtengo: kuyerekeza usanawerengere. Mwana asanagwire pensulo pa 35 kuchulukitsa ndi 4, anene kaye kuti yankho likhala chapati. Makumi atatu kanayi ndi 120, makumi anayi kanayi ndi 160, ndiye yankho lili pakati pamenepo. Akadzapeza 200, mutu wake womwe udzamuimitsa. Kwa amene akuda nkhawa ndi ZIMSEC, apa m'pamene nkhawa yawo iyenera kuchepa. Pepala loyamba la masamu a giredi 7 ndi losankha yankho pa angapo, ndipo olemba mafunso amtunduwu kulikonse amatenga zolakwa zodziwika za ana n'kuziika pakati pa mayankhowo. Mwana wosayeza yankho lake amapeza 26 wake akumudikira papepala, n'kumusankha mokondwa.

Zisanu ndi zitatu

Mwana sangafotokoze maganizo ake m'chiyankhulo chimene akuchiopa. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 amavomereza ziyankhulo 16, ndipo Chichewa chili m'gulumo pamodzi ndi Chishona, Chindebele, Chitonga ndi zina. Ndondomeko ya maphunziro imalola chiyankhulo cha mwana m'makalasi oyambirira, koma akamakwera Chingerezi chimatenga malo, ndipo mayeso a masamu amalembedwa m'Chingerezi. Ku Malawi lamulo la zamaphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, ngakhale aliyense amene analowapo m'kalasi ya sitandade 2 akudziwa chimene chimayankhulidwa mmenemo. Maganizo anga ndi akuti yankho lilembedwe m'Chingerezi monga mayeso afunira, koma pamene ana awiri akutsutsana pa benchi kuti loona ndi 26 kapena 14, asiyeni atsutsane m'Chishona, m'Chichewa, kapena m'chisakanizo chimene amayankhula pamsewu. Mukawakakamiza Chingerezi pamenepo, mudzamva mawu awiri atatu oloweza, maganizo enieni n'kutsalira kukhosi.

Ndipo chiyankhulo chathu chili ndi mphatso imene ife eni ake taitaya. Masiku ano tonse timati sikisi, seveni, eyiti, naini. Koma agogo a ku St Mary's kapena ku Unit K amene anabadwira ku Dedza akamawerenga nkhuku zawo amati zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, zisanu ndi zitatu, zisanu ndi zinayi. Dzina la nambala ndi samu kale. Tsono taonani 8 kuphatikiza 7, samu imene imavutitsa ana ambiri a giredi 1 ndi 2 mpaka kutha zala. M'Chichewa mukunena kuti zisanu ndi zitatu, kuphatikiza zisanu ndi ziwiri. Zisanu ziwirizo ndi khumi, zitatu ndi ziwiri ndi zisanu, zonse khumi ndi zisanu. Kuphwanya nambala n'kuimanganso, chimene akatswiri a kaphunzitsidwe ka masamu amalimbikira kuti ana aang'ono achidziwe, chili m'kamwa mwa nkhalamba imene mwina sinapondeko m'kalasi. Mdzukulu amene amachita manyazi ndi Chichewa cha agogo ake pamaso pa anzake sadziwa kuti m'nyumba mwawo muli mphunzitsi wa masamu.

N'chimodzimodzi ndi bawo, kapena tsoro imene Ashona amasewera. Wosewera wabwino satola njere asanawerenge m'mutu kumene yomaliza ikagwere, ndipo akadyedwa, anzake oonerera amabwerera naye m'mbuyo kumuonetsa dzenje limene analakwitsa. Sitepe lachinayi la Pólya lija limachitika pansi pa mtengo tsiku lililonse. Paulus Gerdes, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Mozambique, anathera moyo wake akuonetsa masamu amene ali m'kaluka ka madengu, mphasa ndi zojambula za anthu a kuno kwathu. Ndondomeko ya Heritage-Based Curriculum ija, imene ikudzitcha ya chikhalidwe ndi cholowa, ili ndi poyambira pabwino pamenepa, bola isathere pa kujambula bawo papepala n'kupachika pakhoma. Bawo ilowe m'kalasi kuti iseweredwe, ndipo wosewera afunsidwe chifukwa chimene wayambira dzenje ili osati ilo.

Mphunzitsi payekha sangasinthe kaphunzitsidwe kamene anakulira. Ku Japan aphunzitsi a pulayimale ali ndi mwambo wakale wokonzera phunziro limodzi pagulu: mmodzi amakaliphunzitsa anzake akuonerera, maso awo ali pa ana osati pa iye, kenaka amakhala pansi kukambirana zimene ana ananena ndi pamene anakodwa. Phunziro la masamu kumeneko nthawi zambiri limazungulira pa funso limodzi lokha, ana n'kuyerekeza njira zawo zosiyanasiyana pabolodi. Wina anganene kuti ku Japan n'kutali ndipo ndi olemera. Koma Zambia inayamba mwambo womwewu mu 2005 m'chigawo cha Central mothandizidwa ndi bungwe la ku Japan la JICA, ndipo unafalikira m'zigawo zina m'zaka zotsatira, m'sukulu zimene mavuto ake sasiyana ndi a ku Seke. Chitungwiza ili ndi mwayi umene matauni ambiri alibe: Seke Teachers' College, imene imaphunzitsa aphunzitsi a pulayimale, ili m'tauni momwemo, ndipo ophunzira ake amakayeserera ntchito m'sukulu zozungulira. Sukulu za ku Seke n'zoyandikana moti mphunzitsi angayende wapansi kukaonerera mnzake. Masana amodzi pa mwezi, aphunzitsi asanu a giredi 4 atakhala pansi ndi mulu wa makope n'kufunsana chifukwa chimene ana ambiri alembera 26, angaphunzire zambiri kuposa pa msonkhano wa kuhotela.

Ena adzati zonsezi n'zofewetsa ana, kuti masamu ndi kuloweza ndi kubwereza basi. Mbali ina ndikugwirizana nawo. Mwana amene akuwerengabe zala pa 6 kuchulukitsa ndi 7 ali mu giredi 6 mutu wake umatopa asanafike pa funso lenileni, ndiye matebulo alowezedwe ndithu. Koma mwana amene waiwala 6 kuchulukitsa ndi 7 n'kukumbukira kuti kasanu ndi 35, awonjezere 7 wina apeze 42, ali pabwino kuposa amene waloweza ngati nyimbo ndipo ikamuthawa amangoti kakasi. Woyambayo ali ndi njira yobwererera kwawo akasochera.

Kwa makolo a ku Unit K, amene ambiri amafika kunyumba kutada atatopa ndi mizere ya makombi, sindingapemphe zambiri. Simufunika kudziwa masamu a silabasi yatsopano. Mwana akakuonetsani kope, musayambe ndi kuwerenga zochonga. Lozani samu imodzi, yokhoza kapena yolakwa, mumuuze kuti: tandifotokozera, mwanawe, unayenda bwanji apa? Ngati muli ndi zigubu za malita 20 zimene mumatungira madzi, mufunseni kuti banja lonse limamaliza malita angati pa sabata, ndipo akayankha, mufunsenso ngati nambalayo ikufanana ndi maulendo amene iye mwini amayenda kupita kumjigo. Akati malita 60 pa sabata pamene dzulo lokha anasenza zigubu zitatu, musamukonze. Muyang'aneni chabe, mudikire masekondi atatu aja, kapena khumi, mpaka abwerere yekha kukawerenganso zigubuzo.